Jekete ya Achimwene

Lachinayi. Lero kunali dzuwa, koma ine mpaka pano ndikumva kuzizira.

Kusukulu tikukonzekera sewero lakale la Chingerezi lija, la mtsikana wovala ngati mchimwene wake amene akuganiza kuti anamira m'nyanja. Mtsikanayo ndine. Aphunzitsi anati aliyense abwere ndi zovala zake, ndiye m'mawa ndinatenga jekete ya achimwene Yamikani m'sutikesi ya amayi, osapempha. Achimwenewo atamwalira chaka chatha, zovala zawo zinagawidwa kwa abale ku Dedza monga mwa mwambo. Iyi yokha amayi anabisa, ndipo sinachapidwepo.

Ndinavala, tsitsi ndinabisa m'kapusi. Mtsikana mnzanga Wanjiru, amene m'seweromo amandifunsira poyesa ndine mwamuna, anagwada n'kundikakamira mwendo, holo yonse kufa ndi phwete. Inenso mawu ankangotuluka, aakulu, osanjenjemera. Ine amene ndimachita chibwibwi m'kalasi!

Amayi anafika msanga kudzanditenga, pamsewu wa Waiyaki Way panalibe jamu ya magalimoto. Ndinangowaona ataima pakhomo la holo, maso ali pa ine. Ndinadikira kukalipiridwa.

"Yami," anatero motsitsa, "wadya koma?"

Ndinafuna kunena kuti ndine Tadala. Koma pakamwa panatuluka "Ndadya, mami," ndendende mmene ankayankhira achimwene.

M'galimoto, mpaka kwathu ku Lavington, ankangondisisita kolala tikaima. Titafika ndinayamba kuvula, iwo n'kundigwira dzanja.

"Usavule kaye. Mawanso uvale."

Ndikulemba nditaivalabe. Ikumvekabe fungo lawo. Amayi akuitana kukhitchini, kachitatu tsopano, ndipo dzina akuitanalo si langa, koma ndaimirira kale...