Zimene Linnea Ananena kwa Paloma

Lachiwiri, 14 Januwale

Chipale chofewa chagwanso, kunja kwayera mbuu. Tsiku lonse pa galimoto, kuchikankhira m'mbali mwa misewu. Msana uwu. Miyezi itatu lero chimwalirireni mkazi wanga Noreen.

Amake Paloma, a nyumba yoyandikana nafe, amusiya Linnea pageti osalowa. Chifukwa chake wandiuza mwana wanga yemweyo. M'basi ya sukulu Paloma anati, "Amayi ako ali kumwamba ndi agogo anga, akutiona." Linnea anayankha, "Kumwamba kulibe, chitsiru iwe. Agogo ako ali m'dothi." Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Agogowo anaikidwa mwezi watha womwewu.

Lachinayi, 16 Januwale

Paloma wasamukira mpando wina m'basi. Mnzake wa Linnea ndi yekhayo. Ena onse anamutalikira pa nthawi ya maliro, ana amaopa mwana wolira.

Mbale ya nyemba za tsabola pakhonde, yochokera kwa amake Paloma, yofunda, monga Lachinayi lililonse. Koma osagogoda. Ndadya ndi manyazi.

Linnea akuti, "Kodi ndinanama, adadi? Inu ndi amayi munati kulibe." Sananame. Noreen akanadziwa poyambira.

Lamlungu, 19 Januwale

Tapita ku gulu lathu la osapembedza, m'chipinda chapansi cha laibulale. Koyamba chichitikireni maliro. Ana, amene Noreen ankawaphunzitsa, tsopano ali m'manja mwa a Desmond, amene anapuma ntchito ya positi. Ndakhala pa kampando ka ana, mawondo pachibwano. A Desmond akuti, "Arvo, ukathyola kameneko ukhoma wekha, wamva?" Ndaseka. Ndadabwa nako kusekako.

Ana amalemba mayina awo pa timapepala tomata pachifuwa, kenako n'kusinthana. Wovala dzina la mnzake amayankha mafunso ngati mwini dzinalo. A Desmond anawauza, "Ife tilibe buku lotilamula. Tisanachite kanthu timayamba tafunsa kuti mnzathuyo amva bwanji." Kamtsikana kena kanafunsa ngati achimwene ake nawonso amamva kanthu.

Palibe amene anandifunsa zambiri. Khofi, dzanja paphewa. Anthu abwino.

Lolemba, 20 Januwale

Ndayesa kunyumba. Ndalemba PALOMA pa kapepala, ndamata pa juzi ya Linnea. Ndafunsa, "Paloma, unanenanji zija m'basi?"

Wayankha ngati Paloma, motsitsa, "Ndawasowa agogo. Ndimafuna Linnea asiye kulira."

Ndinati tamaliza. Ayi. Anakamatula kapepalako n'kunena, "Nanga ngati amayi akundiona, bwanji sakubwera?" Kulira kwake sindikulemba.

Masiku asanu ndi limodzi ndikuganiza za mtima wa mwana wa eni. Wanga sindinamufunse n'kamodzi komwe chimene chinamubaya. Phunzirolo ndalephera ndine.

Ndamuuza zimene ndimakhulupirira: amayi ako sakutiona, ndipo sanasankhe kutisiya. Akanatha kubwera, bwenzi atabwera wapansi, m'chipale momwemu. Wagwedeza mutu. Wadya pang'ono.

Loweruka, 25 Januwale

Sindinamutume. Linnea wavala nsapato yekha, za phazi lina ku phazi lina, n'kukagogoda kwa Paloma. Ine pazenera.

Amake Paloma atuluka pambuyo pake, tayima pampanda. Akuti Linnea anati, "Pepa. Ine za kumwamba sindizikhulupirira, koma undiuze za agogo ako." Paloma anayankha, "Nawenso ndiwe chitsiru," n'kumukokera m'nyumba.

Kenako mayiwo, maso pansi: "A Niemi, ine Noreen ndimamupempherera tsiku lililonse. Zikukukhumudwitsani?" Ndati ayi mayi, zikomo. Ndinanena kuchokera pansi pa mtima.

Tsopano ana onse awiri ali pabalaza pathu. Paloma wabweretsa chithunzi cha agogo ake, wachiimika patebulo. Akufuna cha Noreen chikhale pambali pake. Zithunzi zonse zili m'katoni pamwamba pa kabati, sindinaikhudze chiyambire Okutobala.

Akuitana. Kachitatu tsopano. Ndisiye cholembera, nditenge mpando wokwererapo