Mayi Zikhalo Sanatsike Okha

Bungwe la Alimi a Ndiwo Zamasamba la Tithirire
Kasina, Dedza

Kwa bambo Anselmo Zikhalo, kwa ana awo a Mervis ndi a Innocent, kwa akubanja onse, ndi kwa aliyense amene amve uthengawu.

Ndi mitima yosweka komanso nkhope zogwa ndi manyazi, ife mamembala a Bungwe la Tithirire tikulengeza za imfa ya mlembi wathu, mayi Magadalena Zikhalo, amene anatisiya Lachinayi m'mawa atagundidwa ndi minibasi pamsewu waukulu, pakati pa Linthipe ndi pa boma pa Dedza. Imfayi yatidzidzimutsa, koma tikati tinene kuti sitikudziwa mmene inabwerera, tikhala tikunama maliro ali m'nyumba.

Dzulo pasiwa, a Mervis, mwana woyamba wa malemu, anagwada pafupi ndi wapampando wa bungwe lino, a Eustace Levison, amene akulemba uthengawu, nafunsa motsitsa mawu kuti, "A pampando, amayi ananyamuka pamodzi ndi inu. Nanga anatsikiranji pamalo poti palibe siteji, palibenso nyumba?" Wapampandoyo anayang'ana pansi nayankha kuti, "Ndi chifuniro cha Mulungu, mwanangu." Yankho limenelo linali lonyansa, chifukwa linasenzetsa Mulungu mlandu wa anthu. Ndipo poti ife odziwa tatseka pakamwa, kunjaku kwayamba kumveka zoti mayiwa anakangana ndi anthu m'galimoto n'kutsika okha chifukwa cha ukali. Tikulemba uthengawu kuti tipepese, komanso kuti a Mervis alandire yankho loona dzina la mayi awo lisanaikidwe m'manda pamodzi ndi bodza.

Mayi Zikhalo anagwira ntchito ya unamwino pachipatala cha mishoni kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo atapuma sanakhale pakhonde n'kumawerenga odutsa, koma anatsikira kudimba, nayamba kulima kabichi ndi tomato ngati ife tonse. Pa zaka zisanu ndi ziwiri zimene anakhala mlembi wathu, anasintha zambiri zimene ife tinkaziona ngati zabwinobwino. Ndi iwo amene analetsa mamembala kukwera pamwamba pa matumba a kabichi pa lole. Ndi iwo amene anakakamira mpaka amayi athu ogulitsa pa Linthipe anabweza mabenchi awo kumbuyo, kuchoka m'mphepete mwenimweni mwa phula, ngakhale ena anawanyanyalira mwezi wathunthu. Anasoka okha timizere ta nsalu zowala n'kutimangirira pa njinga zathu kuti tizioneka m'nkhungu, ndipo anatiphunzitsa kanyamulidwe ka munthu wovulala kuti tisamumalize ndi manja athu omwe. Wa kabaza wopanda chipewa choteteza mutu ankawadziwa bwino: akawaona akubwera, ankayang'ana kumbali.

Chifukwa cha zimenezi tinawapatsa dzina lakuti Mayi Thirafiki, ndipo tinkalitchula tikuseka. Iwo sankakwiya nalo. Ankangoti, "Sekani, abale anga. Inu mumaona galimoto ikunyamuka, ine ndinkaona zimene amabweretsa pa machira."

Lachinayi lija tinali anthu asanu ndi anayi a bungwe lino, ulendo wa kumsonkhano wa mbewu ku boma. Tinakwera pa Linthipe cha m'ma seveni, kukuzizira, nkhungu itatseka moti munthu sukanatha kuona ng'ombe ili patsidya pa msewu. Minibasi inadzaza kupitirira muyeso, anthu anayi pamzere wa anthu atatu, ndipo mayi Zikhalo anapanikizidwa pafupi ndi chitseko, chikwama cha mabuku a bungwe chili pamiyendo. Kumbuyo kwathu kunanyamukanso minibasi ina, ndipo madalaivala awiriwo anayamba mpikisano wolimbirana anthu a pasiteji yakutsogolo. Wathuyo ankayendetsa ndi dzanja limodzi, linalo litagwira foni kukhutu, akuseka ndi munthu amene sitinamuone. Anapitirira lole pachitunda, kutsogolo kusakuoneka, kenaka anapitiriranso ina.

Pamenepo mpamene mayi Zikhalo analankhula, ndipo sanakweze mawu.

"A dalaivala, chonde chepetsani liwiro ndipo foniyo ikani pansi. Mwanyamula anthu, si kabichi."

"Mayi, chiwongolero ndagwira ndine," anayankha dalaivalayo osatembenuka. "Ngati mukuopa, kaguleni yanu."

M'galimoto monse munabuka phwete. Tikunena izi mutu uli pansi: ena mwa amene anaseka anali ife. Mmodzi wa mamembala athu anachita kunena kuti, "A Thirafiki, lero lokha tipumitseniko, tichedwa kumsonkhano." Mayiwa anabwerezanso pempho lawo kachiwiri, ndipo atanena kachitatu dalaivala anaponda buleki pokhota msewu, pomwe mbali ina kuli chiphedi, nauza kondakitala kuti atsegule chitseko.

"Tsikani, mayi. Mukwere yoyenda ngati ngolo."

Mayi Zikhalo sanatsike nthawi yomweyo. Anatembenuka n'kutiyang'ana mmodzimmodzi, ife anzawo amene tinabatizitsa nawo ana, amene anatisokapo mabala, kudikira kuti wina atsegule pakamwa. Wapampando anali pampando wakutsogolo, phewa lake likukhudzana ndi la dalaivala, ndipo mawu ake amodzi okha akanakwanira. Iye anayang'ana wotchi yake. Mayiwa anakumbatira chikwama chija natsika, chitseko chinatsekedwa, ndipo amene anakhala nawo pamzere umodzi anawongola miyendo pamalo amene anasiyawo. Palibe anacheuka.

Sipanathe mphindi zisanu, minibasi yachiwiri ija inafika pokhota pomwepo ikupitirira lole m'nkhungu, inakumana ndi galimoto yochokera kutsogolo, ndipo pothawa inakhotera kumbali kumene mayi athu anaima. Ife tinafika kumsonkhano nthawi yabwino. Uthenga unatipeza tikumwa tiyi.

Choncho, a Mervis, yankho lanu ndi ili: mayi anu sanatsike okha, ndipo sanakangane ndi munthu. Anatsitsidwa chifukwa chopempha kuti tonse tikafike amoyo, ife asanu ndi atatu tikuonerera.

Tanyansidwa ndi madalaivala amene amaona msewu ngati bwalo la masewera, amene foni imawakomera kuposa miyoyo ili kumbuyo kwawo, amene amaphethiritsirana magetsi pochenjezana za apolisi koma sangachenjezane za nkhungu. Tanyansidwa ndi eni galimoto amene amayamikira dalaivala wobwereza maulendo ambiri osafunsa kuti wathamanga bwanji. Koma koposa zonse tanyansidwa ndi ife okwera, amene timatukwana dalaivala woyenda bwino kuti ndi wamantha, timathandiza kondakitala kubisa anthu opitirira muyeso, ndipo wina akadandaula timamusandutsa choseketsa. Dalaivala uja sakanayerekeza kutsitsa mayi wachikulire pamalo otero akanadziwa kuti galimoto yonse imuukira. Anatiyang'ana pagalasi, naona kuti tili kumbali yake.

Lero panjira yolowera kwa a Zikhalo pagonekedwa nthambi zosonyeza maliro, ndipo taona ndi maso athu galimoto zikuyenda pang'onopang'ono zikafika pamenepo, wailesi atatseka, a kabaza akutsika n'kumakankha njinga zawo, zipewa zili m'manja. Ndiye kuti kuchepetsa liwiro timakutha. Timangodikira kuti munthu ayambe wafa.

Bambo Zikhalo ndi ana, mawu okha sangakupukuteni misozi, ndiye tikudziwitseni zimene komiti yathu yagwirizana. Mwini wa minibasi imene inatsitsa mayi athu watumiza mawu akuti apereka galimoto yomweyo kuti inyamule anthu kupita ku Misa ya maliro Loweruka. Kuvomera kapena kukana ndi kwa inu eni maliro, koma membala wa Tithirire sakweramo. Tidzayenda pansi kumbuyo kwa bokosi, ndipo tikupempha onse obwera kuti pasapezeke lole yodzaza anthu oimirira pamaliro a munthu amene anadana nazo zimenezi moyo wake wonse. Lolemba m'mawa, ife asanu ndi atatu tidzapita kupolisi kukapereka umboni wa zonse zimene tinaona ndi zimene tinachita, ndipo woyamba kulowa adzakhala wapampando. Pamsonkhano wotsatira iye adzatula pansi udindo wake kuti mamembala aone ngati akuyenerabe kuwatsogolera.

Pali chinthu chinanso. Kawiri konse mayi Zikhalo anabweretsa ku komiti ganizo lakuti membala akadzudzula dalaivala woyendetsa mosasamala, anzake onse amuthandize, ndipo akamutsitsa, onse atsike naye pamodzi. Kawiri konseko wapampando analikankhira kumapeto, pa zina ndi zina, nthawi n'kutha lisanakambidwe. Dzulo ganizoli linavomerezedwa popanda wotsutsa, ndipo sizinatenge ngakhale mphindi ziwiri. Tikupempha mipingo, masukulu, magulu a amalonda ndi aliyense wokwera galimoto m'dera lino kuti atengeko lamuloli, pakuti dalaivala angathe kutsitsa munthu mmodzi, koma sangayende ndi mipando yokhayokha.

M'malo mwa mamembala onse a Bungwe la Tithirire, ochokera ku Kasina, ku Linthipe mpaka ku Mayani, tikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima kwa inu bambo Anselmo, amene mwataya mnzanu wa zaka makumi anayi, kwa a Mervis ndi a Innocent, kwa zidzukulu ndi kwa akubanja onse. Mulungu wachifundo akulimbitseni mitima m'masiku owawa ano, akupatseni mphamvu zimene ife tinalibe, ndipo mzimu wa mayi Magadalena Zikhalo uuse mumtendere. Sitikukupemphani kuti mutikhululukire lero, chifukwa sitinachite kalikonse kotiyenereza.

Chikwama chawo apolisi atibwezera. Tidzachibweretsa Loweruka, ndipo tikupempha kuti a Mervis adzatsegule okha buku la bungwe patsamba lomaliza, pomwe mayi awo, m'mawa womwe uja tisananyamuke, analemba mayina a onse a paulendo monga ankachitira nthawi zonse, kuti pobwerera pasadzasowe munthu. Mayinawo alipo asanu ndi anayi, ndipo lawo analilemba pomalizira.

Ine wanu wachisoni ndi wamanyazi,

Eustace Levison
Wapampando, Bungwe la Alimi a Ndiwo Zamasamba la Tithirire