Mizere Iwiri ya Matumba a Mchenga

Halvor, North Dakota
9 Epulo 2019

Okondedwa achimwene a Duane,

Ndikhulupirira kuti dzuwa la ku Arizona likuwakomera mawondo anu aja. Kuno chipale chofewa chayamba kusungunuka, ndipo mtsinje ukukwera monga umachitira chaka chilichonse.

Kusukulu atipatsa pulogalamu ya pakompyuta yophunzitsira za kusefukira kwa madzi. Ili ndi mapu a chigwa chathu chonse. Mwana amasankha kuchuluka kwa chipale ndi mvula, amamanga khoma la matumba a mchenga pomwe wafuna, kenako amaonerera madzi akubwera. Lachiwiri ana a m'kalasi mwanga anamiza bwalo la mpira la sukulu yomwe timapikisana nayo, katatu konse, akuwomba m'manja.

Ataweruka ndinatsala ndekha. Ndinaikamo chipale ndi mvula za chaka chija cha chigumula, nkupeza pomwe panali nyumba ya bambo. Mukukumbuka kuti tinapatsirana matumba masiku anayi. Tsiku lachisanu inu munati basi, nkukweza bambo ndi galu m'galimoto. Ine ndinakutchulani wamantha pamaso pa anthu a kutchalitchi, ndinati mizere iwiri yokha ya matumba ikanaipulumutsa nyumbayo. Kuyambira pamenepo timangotumizirana makadi a Khirisimasi.

Ndinawonjezera mizere iwiriyo. Nyumba inamira. Ndinawonjezera isanu, ndinazunguliza khoma mpaka kukhola. Madzi anadzera kumbuyo, m'ngalande ya msewu, komwe tonsefe sitinayang'aneko.

Mayi Lindqvist, amene amasesa m'makalasi, anali ataima kumbuyo kwanga ndi tsache lawo.

"Aphunzitsi, kanyumba kameneko kanakulakwirani chiyani? Mwakamiza kasanu ndi kawiri ine ndikuona."

"Ndikuyesa kukapulumutsa, mayi."

"Ndiye yanga musadzaiyandikire."

Ana ndimawauza kuti kompyuta si mtsinje, imangoyerekeza, ikhoza kulakwa. Ndinadziuzanso zomwezo. Koma nanenso zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikuyerekeza m'mutu mwangamu, ndipo m'menemo munalibe ngalande ija.

Bambo anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi zinayi chifukwa cha galimoto yanu. Zimenezi sindinakuuzenipo, ndipo mawu aja ndinalakwa.

Mlamu wanu Marlys akupereka moni, akuti chipinda chapamwamba chilibe munthu chilimwe chonse. Mundipatsire moni alamu. Nambala ya foni yapanyumba ndi yomwe ija; ana athu akhala akundiuza kuti ndiidule, ine ndakana.

Ndine mng'ono wanu,
Arlen