Mphindi Khumi za a Rantakoski

KOMITI YA UKWATI WA JEROME NDI CLEMENTINA
Tsiku: Loweruka, 9 Ogasiti 2025
Malo: holo yaing'ono ya parishi, Blanchardstown
Analipo: Aloysius Chimwaza (wapampando), Lily Gondwe (mlembi), Clementina Kalua (mkwatibwi), Chiti Mulenga (wophunzitsa masitepe), Walter Nyirongo, Tupochele Mwenifumbo
Opepesa: Jerome (ali pa shifiti ku eyapoti), bambo Urho Rantakoski (anayankhula pa foni)

1. Mawu a dokotala

Msonkhano unayamba 3:20 ndi pemphero. Wapampando anati dokotala walola a Rantakoski kuliza vayolini mphindi 10 zokha, chifukwa cha phewa. Masitepe olowera mu holo pa 23 Ogasiti amatenga mphindi 34. Mlembi anayeza Lachinayi.

2. Mbiri ya a Rantakoski

Popeza a Chiti ndi atsopano mu komiti, mlembi anawerenga izi. A Rantakoski anabadwa mu 1943 m'mudzi wina kumadzulo kwa Finland. Vayolini anaphunzira kwa amalume awo pongomvetsera, osati za papepala. Kumudzi kwawoko woliza vayolini amatsogolera mkwatibwi, ndipo nyimbo sileka mpaka mkwatibwi atakhala pampando. Ikalekera panjira ndi manyazi ku banja lake. Ukwati woyamba anaimba ali ndi zaka 17, pamene chingwe cha amalumewo chinaduka ali pakati pa ulendo, iwo n'kupitiriza pomwepo.

Anabwera ku Dublin mu 2011 kutsatira mwana wawo, namwino. Mu 2014 anaimba ukwati woyamba wa Amalawi. Palibe anawauza kuti ife timapita masitepe awiri kutsogolo, imodzi kumbuyo. Analiza mphindi 41 osapuma. Atamaliza analephera kunyamula kapu ya tiyi, koma anafunsa kuti ukwati wina uli liti. Kuyambira pamenepo aphunzitsa anthu athu 11 m'galaja mwawo. Clementina anasiya atangophunzira milungu itatu, komabe a Rantakoski anamulonjeza kuti adzamutsogolera.

3. Zokambirana

Clementina anati sakufuna madalawo agwe pa ukwati wake, komanso sakufuna wina amufikitse pampando.

Wapampando anapempha kuti masitepe afupikitsidwe. A Chiti anakana, napempha kuti mawu awo alembedwe momwe anayankhulira: "Ba Chair, miyezi itatu tivutika na masitepe aya. Muti tilowe monga tithawa mvula?"

Walter anati tingojambula nyimboyo n'kuiika pa sipika. A Rantakoski anayankha m'Chichewa chawo cha kukwaya kuti sipika ilibe maso, siona mapazi a mkwatibwi.

Tupochele anati iye ndi Walter, ophunzira a Rantakoski, angathandize kuliza, kungoti Walter amalakwitsa gawo lachiwiri la nyimboyo. Walter anati wolakwitsa ndi Tupochele. Mlembi anaonetsa makanema a maukwati asanu. Palibe pamene mphunzitsi wawoyo analiza gawolo mofanana kawiri. Nkhaniyo inathera pomwepo.

Mlembi anakumbutsa komiti za chingwe cha amalume: nyimbo inasintha manja ndipo mudzi sunadandaule. A Rantakoski anati n'zoona, ndipo amalumewo sanawathokoze mpaka kumwalira.

4. Zogwirizana

Walter adzayamba pakhomo, mphindi 12. Tupochele adzalandira, mphindi 12. Zomaliza 10 ndi za a Rantakoski. Iwo anavomera, bola Walter asiye kuliza ngati akuthamangira basi.

Anachenjezanso kuti wina akadzawakodola kuti nthawi yakwana, iwo sadzaona. Adzasiya mkwatibwi akakhala, basi. Clementina anati ngati zili choncho adzakhala pansi mphindi 10 zisanathe, sitepe yatha kapena ayi. A Chiti anati yomalizayo ndiye yokoma. Clementina anati, "Ba Chiti, miyendo ndi yanga." Komiti inavomereza. A Chiti sanakweze dzanja.

5. Zina ndi zina

Wapampando anafunsa ngati pakhale mpando wa a Rantakoski kutsogolo. Iwo anati sanaimbepo ukwati atakhala. Mpando udzakhalapo, koma osawauza. Foni inali itadulidwa.

Msonkhano wina ndi Loweruka, 16 Ogasiti, 2 koloko, mu holo ya ukwati ku Citywest. Onse atatu abwere ndi mavayolini. Mlembi adzagwira wotchi, ndipo Clementina adzayesa kufika pampando pa mphindi 9.

Msonkhano unatsekedwa 4:50.

Aloysius Chimwaza, wapampando ______________
Lily Gondwe, mlembi ______________