Kompyuta Yadzuka Pemphero Lisanathe

Aphungu,

Ndithandizeni Lamlungu lisanafike. Ndine mnyamata wa zaka 24. Ndinamaliza digiri ya zamakompyuta chaka chatha, ndipo podikira ntchito ndimathandiza mu ofesi ya tchalitchi chathu kuno ku Kanyama. Tsopano kampani ina ya m'tauni yandiitana, koma ikufuna kalata yondichitira umboni yochokera kumpingo pofika Lachitatu. Kalatayo ndiye yavuta.

Kompyuta ya mu ofesimo ndi yakalekale. Ukaiyatsa inkatenga mphindi makumi awiri kuti idzuke. Mlembi wa mpingo, ba Dixon, anazolowera kuti akadina batani amasanjika manja pamwamba pake n'kuyamba kupemphera. Amapempherera odwala, ofedwa, mtengo wa ufa, magetsi, ana olemba mayeso, ndipo akamafika pa ameni kompyuta nayo inkakhala ikungoyaka kumene. Achita zimenezi zaka zisanu ndi zinayi, mpaka anaziperekera umboni kutsogolo kwa mpingo kawiri.

Ine zinkandiwawa. Loweruka lina ndinasunga mafayilo onse pa fulashi, ndinafafaniza zakale, n'kuikamo pulogalamu yoyendetsa makina yotchedwa Linux, ija yopepuka yoyenera makompyuta okalamba. Mapulogalamu ndinasankha aang'ono okhaokha, yolembera makalata ndi yotsegulira intaneti, osadya memore. Zokongoletsa, kanyimbo koyatsira ndi masewera a makhadi ndinachotsa.

Lolemba ba Dixon anadina batani, anatsinzina, koma asanamalize kunena "Atate wathu," kompyuta inali itayaka kale. Atatsegula diso limodzi anapeza pa sikirini pali chithunzi cha kakhoswe, chimene chimabwera ndi pulogalamuyo. Anatuluka chafutambuyo.

Atandipeza panja anati, "Iwe Kumbu, ichi chinthu chauka na mphamvu ya ndani? Ine sininapemphere." Ndinati, "Ba Dixon, ni memore chabe, yapepukidwa." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nanga uyu khoswe, nayeve ni memore?"

Sizinathere pomwepo. Pepala la makalata a mpingo lili ndi nkhunda pamwamba. Nditalitsegula m'pulogalamu yatsopanoyo kuti ndiwaonetse kuti zonse zili bwino, nkhunda ija inatsikira pansi pa tsamba, miyendo m'mwamba. Ba Kafula, mtsogoleri wa amayi, anangovula chitenje chapamwamba n'kuphimba kompyutayo. Mpaka lero ili m'chitenje. Lamlungu likubwerali akulu a mpingo adzakhala pansi kuti aone woyenera kupemphereredwa, kompyuta kapena ine. Ba Dixon alumbira kuti kiyibodi imeneyo saikhudzanso, pamene makalata a mpingo amalemba ndi iwo okha.

Aphungu, anzathu akuthamanga, ife tizidikira makina mphindi makumi awiri? Ndalakwa pati? Ndikuganiza zokawaonetsa akuluwo manambala a liwiro lake kuti amvetse.

K.M., Kanyama, Lusaka

A K.M.,

Manambalawo asiyeni kunyumba. Palibe akukana kuti kompyuta ikuthamanga, mlandu wanu ndi womwewo. Munalowa mu ofesi ya munthu wamkulu iye kulibe, n'kumusinthira zonse osamuuza. Mwawalandanso mphindi zokhazo za tsiku zimene palibe ankawagogodera pakhomo.

Mawa pitani kunyumba kwa ba Dixon mukapepese, osati chifukwa cha Linux, koma chifukwa chosawafunsa. Kenako pemphani ba Kafula achotse okha chitenje chawo. Inu musachikhudze.

Akachotsa, yambani ndi khoswe. Chithunzi chakumbuyo chimasinthika pa mphindi imodzi, ikanipo cha tchalitchi chanu. Za nkhunda, mwapepukitsa mopitirira. Chotsani kapulogalamu kolembera kameneko, muike yokulirapo yodziwa kutsegula mafayilo akale. Idzachedwa masekondi khumi, palibe adzafa nazo. Sindikizani tsamba limodzi, muone ndi maso anu kuti nkhunda yabwerera pamwamba itaimirira. Mafayilo a mpingo aikeni poonekera, ndi maina omwe ba Dixon anawapatsa. Masewera a makhadi aja abwezereni mwakachetechete, ndipo musafunse kuti ankasewera ndani.

Za pemphero n'zosavuta. Mukudziwa kuti pali poikira nthawi imene makina amadikira asanayambe kutsegula. Aonetseni ba Dixon malo amenewo, asankhe okha mphindi zimene akufuna. Akati makumi awiri, lembani makumi awiri, mumeze malovu. Koma muwauze poyera kuti nthawiyo yaikidwa ndi dzanja. Mukawanamiza kuti makina ayambanso kumvera, adzaperekanso umboni kachitatu, ndipo bodzalo lidzakhala lanu. Mukakonza izi pofika Loweruka, akulu a mpingo adzasowa chokhalira pansi.

Chenjezo langa ndi la tsiku lolemba kalata yanu. Alembi ambiri a mipingo amene ndimawadziwa amalemba ndi zala ziwiri, ndipo chilembo china amachisaka ngati singano. Musawalande kiyibodi, musawalozere, musaime kumbuyo kwawo mukuyang'ana nthawi pafoni. Tulukani mukakhale pabenchi mpaka akuitaneni. Kampaniyo ikufuna kumva kwa iwo ngati ndinu munthu wotha kugwira ntchito ndi anzake, ndipo yankho adzalipeza tsiku lomwelo.

Aphungu