Nambala ya Shakira pa Khoma la Khitchini

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Chikweo tilipo. Chichitireni sadaka ya maliro anu, mpongozi wanu, mkazi wa Yusufu, wachira, mwana wamwamuna. Thonje linagwa mbozi, koma chinangwa chatipulumutsa.

Amene wandisowetsa mtendere ndi mdzukulu wanu Shakira. Tsiku lina ndinapeza walemba ndi khala pa khoma la khitchini 131071, m'munsi mwake timasamu tothithikana. Mtima unangondiuza kuti apa pali mwamuna. Nditamufunsa anaseka.

"Iyayi amayi, ndi nambala chabe. Atipatsa aphunzitsi a masamu kuti tiifufuze. Pawiri siigawika, patatu siigawika, pasanu chimodzimodzi. Akuti palibe yoigawa popanda chotsala, kupatula 1 ndi iyo yomwe. Ndikufuna ndidzionere ndekha."

Ndinati, "Ikapanda kugawika, iwe upindulanji?" Anangopitiriza kulemba.

Aphunzitsiwo ndi mnyamata wosakwatira, wa njinga yamoto, woseka ndi aliyense. Posakhalitsa anabwera kudzapempha kuti Shakira apite ku Balaka kumpikisano wa masamu. Ndinakumbukira mawu anu aja, akuti fisi akabwera kudzapepesa maliro, khola ulitseke. Ndinakumbukiranso Amina wa achemwali anu, amene ankapita kumaphunziro apadera n'kubwerako ndi mimba. Ndinati apita, koma ndi ine.

Tinapitadi. Mpikisano unalipo, sananame, ndipo ndinkaonera pazenera. Oyendetsa mpikisano analemba pabolodi chinambala chachitali n'kufunsa ngati chingagawike patatu. Anzake akadali kugawa, Shakira anangophatikiza manambala ake amodziamodzi, n'kuyankha. Anakhala wachiwiri. Ndinalulutira mpaka anthu kunditembenukira.

Koma pobwerera, tili podikirira minibasi, aphunzitsi aja anamugulira sikono ndi chakumwa iye yekha, ana ena akuyang'ana. Anati ndi mphoto. Mwina. Shakira analandira atazyolika, ndipo sindikudziwa ngati anali manyazi a mwana kapena manyazi enawa.

Tsopano aphunzitsiwo akuti mwanayu mutu wake ungamufikitse ku yunivesite, akufuna azimuphunzitsa Loweruka. Ndavomera, koma pakhonde panga, ine ndili pomwepo kusenda chinangwa. Amakamba za manambala ogawika ndi osagawika, ine khutu lili tcheru kudikira mawu ena. Mpaka lero sindinawamve. Shakira wandikwiyira, akuti ndikumuchititsa manyazi. Yusufu nayenso akuti ndithamangitsa munthu wofuna kutithandiza.

Inu mukanangomuyang'ana kamodzi munthuyu, mukanadziwa. Ine maso anu aja ndilibe, Amayi. Ndikuopa kunamizira wosalakwa, ndikuopanso kulira ngati mmene analirira achemwali anu.

Ndikukulonjezani kuti masamu sindimuletsa, ngakhale khoma lonse lide. Koma pakhondepo sindichoka mpaka alembe mayeso, andide kaya asandide.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Mariamu