Mtanda Wofiira pa Khoma Lathu

Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mchinjiko pamodzi ndi azakhali. Ife kuno ku Kanyama tilipo, kungoti mwendo wa amayi uja sunaleke kutupa.

Sabata yatha tinamva pa wailesi aphungu athu akudandaula m'palamenti za madzi amene amatilowera m'nyumba dzinja lililonse. Anati ngalande ikumbidwe msanga. Amayi mpaka anaimba nthungululu.

Lachitatu kunabwera amuna awiri ndi chitini cha penti, n'kulemba mtanda wofiira pakhoma lathu. Nditafunsa, mmodzi anati, "Osayopa ba sisi, tipenda chabe bofunika thandizo." Thandizo lanji losafunsa ngakhale dzina la mwini nyumba?

Ndinaitsatira mitandayo mpaka kumsewu. Mzere wathu wonse aulemba, koma bala ya mlamu wawo wa aphunguwo, imene inamangidwa pamwamba pa ngalande yakale, ilibe ngakhale kadontho.

Chonde, pepala la puloti limene malemu atate anakusungitsani lija mupatsire munthu wodalirika atibweretsere sabata inoyi. Mulungu akusungeni, nafenso mutipempherere, poti ndikuona ngati ngalandeyi ilambalala bala n'kudzera kuchipinda kwa mlongo wanu.

Ndine mwana wanu,
Esinala